Loya Amene Anatengera Akamwini ku Khoti

Chisomo, mwana wa malemu, anandiimbira foni sabata yatha. Akuti, "Ankolo, pa chikumbutso cha adadi tikupanga kabuku, ndiye mulembemo kanthu, poti inu munkawadziwa kuyambira kumudzi." Ndinamuuza kuti mwana wanga, walakwitsa kawiri. Choyamba, ine sukulu ndinalekera Sitandade faifi, ndipo faifiyo ndinaikhala zaka ziwiri chifukwa aphunzitsi sankafuna kusiyana nane. Chachiwiri, bambo akowo ine sindinawakhulupirirepo ngakhale tsiku limodzi. Iye anangoseka, nati lembani zomwezo. Ndiye musandide, abale. Ndatumidwa.

Malemuwo, a Namaona, anali loya. Kwathu ku Malawi anakalamba akumenyera anthu minda imene inamezedwa ndi maesiteti a tiyi. Kuno ku Birmingham anabwera mutu utayera kale, kudzakhala ndi Chisomo yemweyu, amene ndi nesi monganso mwana wanga Eliza. Tonse ndife katundu wa ana athu, tinabwera kudzalera zidzukulu eni ake ali ku mashifiti.

Tsiku limene anatulukira kutchalitchi kwathu, mu holo ija timachita lendi ku Bordesley Green, mapemphero anachedwa kuyamba. Mayi wolandira alendo anawapatsa buku loti alembemo dzina. Iwo anaika chikwama pansi, natulutsa magalasi, nanyambita chala, nayamba kuwerenga bukulo kuchokera tsamba loyamba. Anthu anaima pamzere mpaka panja, kukuwaza kamvula. Atafika kumapeto anafunsa kuti, "Kodi mayi, bukuli likadzaza limapita kuti?" Mayi uja anati sakudziwa. Iwo anamubwezera bolopeni mwaulemu wonse, nati akadzadziwa adzawauze. Zaka zonse anapemphera nafe, m'bukumo sanalembemo.

Anthu anaseka, ndipo pofika masana dzina linali litawagwira: a Tiwerengekaye. Ine sindinaseke. Kunyambita chala kuja ndinakuzindikira. Ndinakuonapo kale, kukhoti ku Blantyre, zaka zoposa makumi awiri m'mbuyomo. Ndinakodola akazi anga, Anachisale. "Mwamuona? Ndi yemwe uja." Iwo anangoti, "Ndamuona. Tsegulani nyimbo."

Za kukhotiko ndizinena, musandithamangitse.

Munthuyu ankakayikira chilichonse chokhala ndi mzere wosainapo. Wa positi akabwera ndi katundu wa aneba, ankakana kusaina mpaka aone m'kati. Kapepala ka m'bokosi la mankhwala, kaja tonse timataya, ankakawerenga mbali zonse ziwiri. Khadi yofunira wodwala mafuno abwino ikamazungulira kutchalitchi, iwo ankapita okha kukamuona wodwalayo, koma kulembamo ayi. Ankati munthu amafa koma chala chimene anadinda chimatsala chikulankhula, ndipo chimalankhula zimene mwini wake sananene. Ankatinso dziko lathu silinatengedwe ndi mfuti kwenikweni. Linatengedwa ndi nsalu, mikanda ndi kamtanda kolemba papepala, ndiye wofuna kulibweza asanole maso, osati mkondo. Zimamveka bwino. Koma ine ndinkati m'mtima, mbava yodziwa ntchito ndi imene imakhala ndi maloko ambiri pakhomo pake.

Chikwama chija ndiye chinali nkhani. Chachikopa, chakuda ndi thukuta, zipi yake inafa kalekale moti ankachimanga ndi lamba wa buluku. Kuchimbudzi ankapita nacho. Pa Mgonero ankachipana ndi miyendo. M'katimo munali kawailesi kojambulira mawu, ka makaseti, pamene anzathu onse anali atayamba kale kuseka makaseti.

Ndi kawailesi kameneka anayamba kuyenda m'makomo. Akangomva kuti nesi wina waitanitsa mayi ake kuchokera ku Thyolo kapena ku Mulanje kudzasamalira khanda, m'mawa mwake ali pa basi. Ku Handsworth anafika. Ku Whitmore Reans, ku Wolverhampton kuja, ankapita sabata iliyonse. Ndipo chodabwitsa, sankafuna bambo wa pakhomo. Ukawalandira iwe mwamuna, ankakupatsa moni wabwino, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi eni ake alipo?" Eni ake! Iwe uli chilili pakhomo pomwepo, mapepala a nyumba ali m'dzina lako.

Mphekesera zinabuka ziwiri. Ena ankati mkuluyu akutolera mayina kuti akapereke kwa a imigireshoni, ndipo masiku amenewo ambiri mapepala awo anali ofooka ngati tiyi wa pamaliro. Akagogoda, anthu ankazimitsa wailesi ya kanema n'kukhala chete. Ena, makamaka ife madala, tinkati ndi chimasomaso cha ukalamba, munthu wamasiye ameneyu. Mphekesera yachitatu ndinaibweretsa ndine, ndipo ndinaifalitsa bwino, sindibisa. Ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti loya ameneyu anagulitsa mudzi wa akazi anga.

Tsiku lina anakwera masitepe a fulati yathu ku Nechells, lifiti itafa monga mwa masiku onse. Anafika akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"A Sabola, mwaswera bwanji? Eni ake alipo?"

"Eni ake ndine."

"Ndikunena mayi Nachisale."

"Apita kokayenda."

Apo n'kuti Anachisale akutsokomola kukhitchini, mapoto akulira. Iwo anamva, ine ndinamva, tonse tinayang'ana kudenga.

"Mukawauze kuti ndi nkhani ya kumanda," anatero.

"Manda munawataya kale, bwana loya. Mwabwera kudzatenga chiyani china, mitanda?"

Sanakwiye. Anamanga lamba wa chikwama chawo, natsika masitepe pang'onopang'ono. Ndinawasuzumira pawindo mpaka anakwera basi, kuopa angabwerere.

Tsopano ndinene za mandawo, kuti mumvetse. Kumudzi kwa Anachisale, kuseri kwa mapiri a tiyi, mukaima pamsewu mumaona tiyi yekhayekha wobiriwira ngati wometa, koma pakati pake pali kankhalango ka mitengo yachilengedwe. Pamenepo ndiye pamanda a mbumba yawo. Pali mayi awo. Pali agogo awo. Palinso mwana wathu woyamba, amene sanafike poyenda. Nthawi ya chipani chimodzi, esiteti inabwera ndi waya, niti malo onsewa, minda ya kumtsinje ndi manda omwe, ali m'pepala lawo lakale la m'nthawi ya atsamunda. Kuyambira pamenepo maliro ankakaikidwa kumudzi wina ngati a alendo, ndipo wolowa kukasesa pamanda ankagwidwa ndi alonda. Anachisale sankadandaula za minda. Chawo chinali chimodzi. Nthawi yozizira ikafika kuno, mawondo akayamba kuwawa, ankanena osayang'ana munthu kuti, "Ine mukadzandiike pafupi ndi amayi." Ine ndinkasintha nkhani, chifukwa ndinkadziwa kuti pali waya.

A Namaona anafika pamudzipo waya atangomangidwa, ali mnyamata wa suti, pa galimoto yofiira. Anati pepala la azungulo lili ndi mawu akuti midzi ndi minda imene anaipeza isasunthidwe. Chofunika n'kungosonyeza khoti kuti mudziwu unalipo kale pepalalo lisanalembedwe. Mfumu inali itamwalira, ina isanalongedwe, ndiye tinasonkhana tokha pansi pa mtengo wa mango. Ife amuna pamipando kutsogolo, amayi pamphasa kumbuyo, monga timachitira kukabwera mlendo wa tayi. Loya anafunsa kuti ndani akudziwa mbiri ya malo ano, akakhale mboni ku Blantyre.

Abale, ku Blantyre. Pa galimoto. Ine ndinali ndi jekete, ndi Chingerezi cha Sitandade faifi chimene chinkangowonongeka pamudzi. Dzanja langa linakwera lokha. Anzanga atatu anakwezanso. Amayi kumbuyo kuja anangoyang'anana, osanena kanthu. Loya analemba mayina athu anayi, natseka buku.

Chimene palibe anachitchula n'chakuti tonse anayi tinali akamwini. Amuna obadwira pamudzipo anali atakwatira kumidzi ina, akulima minda ya akazi awo kumeneko. Ife otsala pamipando tinali atambala obwereka.

Kukhoti anandigwiritsa Baibulo. Loya wa esiteti anaimirira, munthu wofatsa ngati m'busa, nayamba kufunsa kudzera mwa womasulira, ngakhale ine ndinali nditakonzeka kuyankha m'Chingerezi.

"Bambo Sabola, munabadwira kuti?"

"Ku Chikwawa, bwana."

"Kumudzi kuno munabwera liti?"

"Nditakwatira."

"Kumanda kuja kuli kholo lanu?"

"Ayi, makolo anga ali ku Chikwawa."

"Munda umene mukulimawo ndi wanu?"

Baibulo ndagwira. Ndipo ndikanati ndi wanga, mawu amenewo akanafika kwa apongozi anga ine ndisanafike, ndikanapeza bulangeti langa lili panja. Mkamwini amene amati munda ndi wake ndiye kuti watopa ndi banja.

"Ayi bwana, ndi wa akazi anga. Ine ndine mkamwini chabe. Sindingaugulitse, sindingaupereke, ndimangolima."

Ndinaganiza kuti ndayankha mwanzeru. Anzanga atatu anayankha chimodzimodzi, wina wa ku Zomba, wina wa ku Phalombe, wina wa kutsidya kwa Ruo. Loya wa esiteti anatambasula manja, nauza woweruza kuti taonani, mboni zonse ndi zobwera, ndipo zavomera zokha kuti malo si awo. Mlandu unathera pomwepo, nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Nanga loya wathu? Anali phee. Sanaimirire, sanatsutse. Ankangonyambita chala n'kumalemba, kulemba, ngati mlembi wa msonkhano wa mpingo. Titatuluka ndinawaona ndi maso angawa akugwirana chanza ndi loya wa esiteti uja, akuseka. Ife tinabwerera pa basi. Galimoto yofiira sitinaikwerenso.

Ndiye mundiuze. Munthu wobadwira ku Chiradzulu, woyamwa bere la mayi wa ku Chiradzulu, angaiwale kuti kwathu munda ndi wa amayi? Iwo ankati anakulira ku mishoni, kenako sukulu ya kunja, kumene mabuku onse amati mwini malo ndi bambo. Ine ndinkati bodza limenelo likanamveka likanakhala la munthu wa kumpoto.

Kunena chilungamo, poti Chisomo awerenga, milandu ina anaigwira bwino. Ndinamva kwa anthu osiyanasiyana kuti kwina anabweza dambo la mudzi wonse, kwina analetsa kugwetsa nyumba za anthu amene makolo awo ankagwira thangata pamalopo. Anagonapo m'ndende miyezi ingapo osazengedwa mlandu, chifukwa esiteti ina imene ankalimbana nayo inali ya munthu wamkulu. Yambiri analuza. Ankati pa mlandu wa malo kuluza si kutha, bola zimene zanenedwa zilembedwe, chifukwa woweruza amapuma ntchito koma faelo sipuma. Ine ndikamva zimenezo ndinkati ndi mmene amalankhulira sing'anga wodwala akamwalira.

Kuno a Namaona anali ndi kamunda ka lendi kwa kansolo, timinda tija amati alotimenti, pafupi ndi njanji. Kakang'ono, ukayetsemula uli mbali ino malovu amagwera kwa neba. Ankalimamo nkhwani, mpiru, ndi chimanga chimene chaka chilichonse chinkafika m'chiuno n'kufa ndi chisanu. M'makona anakhomamo zikhomo zinayi n'kumanga chingwe. Akafika, asanagwire khasu, ankayamba wayeza malire ndi mapazi, chidendene kugunda chala, akuwerenga chapansipansi. Ankakhulupirira kuti neba wawo, mzungu wina wokalamba wolima kabichi, amasuntha chikhomo cha kumbali ya njanji iwo kulibe. Mzunguyo ankawapatsa tomato, iwo ankalandira, n'kuyezabe.

Ine ndinayamba kupitako. Ndinauza Anachisale kuti ndikukathandiza munthu wokalamba. Zoona zake zinali ziwiri: nkhwani kuno sapezeka, ndipo ndinkafuna kuona m'chikwama muja.

Mwayi unapezeka tsiku lina dzuwa litawala, paipi ya pafupi itauma. Anatenga chothirira kupita ku mpopi wa kugeti, nasiya chikwama pa kreti imene ankakhalira. Koyamba m'moyo. Ndinadikira akhote pa shedi, ndinamasula lamba.

Ndinkayembekeza mndandanda wa mayina a anthu opanda mapepala, kapena makalata a chibwenzi. Ndinapeza makaseti, iliyonse yolembedwa dzina la mayi ndi mudzi wake. Ndinapeza makope a ana a sukulu odzaza mayina a akazi okhaokha, uyu anabala uyu, uyu anabala uyu. Ndinapeza fotokope ya pepala lolemba pamanja, zilembo zopendekera zimene sindinathe kuwerenga, m'munsi mwake muli timitanda titatu. Ndipo pansi pa zonse panali tsamba lotaipa, lachikasu ndi ukalamba. Pamwamba pake dzina langa. Mzere wina unali wodulidwa kunsi ndi inki yofiira. Chingerezi changa chinakwanira kuuzindikira: sindingaugulitse, sindingaupereke.

"Mwafika tsamba lanji, a Sabola?"

Anali ataima kumbuyo kwanga, chothirira chili chouma. Sanapite n'komwe ku mpopi.

"Ndimafuna machesi."

"Simusuta."

"Ndimafuna kuyamba."

Anakhala pa kreti, natenga fotokope ija. Anati pepala lenileni lili ku London, kunyumba yosungira mapepala akale a boma, ndipo anapitako maulendo ambiri pa basi asanalipeze. Limeneli ndilo pangano limene esiteti imaimirapo. Timitanda titatuto ndi anthu amene akuti anapereka dzikolo kwa mzungu woyamba. Analoza kachitatu. Pambali pake mzungu analemba dzina, Kamtedza.

"Mukumudziwa Kamtedza?"

"Ndimudziwa bwanji, ndine wa ku Chikwawa."

"Anali mwamuna wa agogo awo a agogo a akazi anu. Anachokera kutsidya kwa Ruo ndi nkhwangwa yokha. Mkamwini, a Sabola. Ngati inu. Mzungu anafika, anapeza amuna atakhala kutsogolo, amayi kumbuyo, anafunsa kuti mwini dziko ndani. Wina anakweza dzanja."

Sitima inadutsa.

"Khoti linavomera mawu anu," anapitiriza. "Linati mkamwini alibe malo, ndipo linalemba. Chabwino. Ngati Sabola sangapereke munda, Kamtedza anaupereka bwanji?"

Koma kukayika sikunandithawe. Ndinafunsa kuti za Kamtedzazo anazitenga kuti, poti m'mabuku a ku London sangalembemo za nkhwangwa. Anafufuza m'chikwama, natulutsa kaseti. Panalembedwa kuti Nachisale.

"Lachiwiri lija munapita kukayezetsa shuga," anatero. "Anandiitana okha. Tiyi wawo ndi wabwino."

Ndinaimirira. Ndinakhalanso pansi, chifukwa panalibe kopita. Kenako chinthu china chinandilowa m'mutu, chozizira kuposa mphepo ya kuno.

"Bwana loya, tandiuzani. Tsiku lija pansi pa mango, munkadziwa kuti tonse ndife akamwini? Munatitengera dala kukhoti kuti tikaluze, mawu amenewa alembedwe?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola chothirira.

"Nkhwaniwu ufota," anatero, napita ku mpopi. Ulendo uno anapitadi.

Kunyumba ndinalowa ndi ukali wa mwamuna. Ndinapeza Anachisale akusita mayunifolomu a Eliza.

"Mayi a Eliza, ndiye mwayamba kulowetsa amuna m'nyumba ine kulibe?"

"Nyumba ya Eliza iyi. Kunonso ndinu mkamwini."

"Munthu uja anatigulitsa!"

"Kaya. Koma anandifunsa." Anaimika simbi. "Inu zaka zonsezi munandifunsapo? Tsiku lija munakweza dzanja ngati mwana wofuna kupita panja. Ife tinali kumbuyo kwanu komweko. Amayi aang'ono anali moyo, ankadziwa manda aliwonse ndi mtengo wake. Munatembenuka?"

"Nanga inu osalankhula bwanji?"

"Pamaso pa mlendo, amuna athu atakweza kale manja? Tikuchititseni manyazi? Tinati akapusa akabwera, tidzakonza. Sitinadziwe kuti kukhoti munthu amapusa kamodzi."

Kenako, osandiyang'ana, anayamba kutchula. Pa mkuyu pagona uje, mwana wa uje. Pa msuku wopindika pali uje, amene anafa chaka cha dzombe, pamanda pake anaswerapo mtsuko. Kuchoka apo mapazi angapo chakumtsinje pali mng'ono wake. Anatsika nawo mibadwo, mayi ndi mwana wake wamkazi, mpaka anafika pa mayi awo. Atatero anatchula dzina la mwana wathu, ndi mtengo umene wagona pansi pake. Ine mtengowo ndinali nditauiwala. Ndinapita pawindo kukaona ngati basi ikubwera, ngakhale sindinkayembekeza munthu.

Zonse zija a Namaona anazitumiza kwa loya wina wachitsikana kumudzi, amene anamuphunzitsa ntchito iwo omwe. Zinatenga nthawi, makalata kupita, makalata kubwera. Esiteti inali itagulidwa ndi eni ena, ndipo zikuoneka kuti atawerenga sanafune kuti nkhani ya Kamtedza ikamveke pamaso pa woweruza, poti timitanda totere tili m'mapepala a maesiteti ambiri. Anatumiza anthu kumudzi. Ulendo uno, ndikumva, amayi ndiwo anakhala kutsogolo, ndipo mkulu wawo wa Anachisale anawayendetsa m'kankhalango kaja akuloza mtengo ndi mtengo, zofanana ndendende ndi za m'kaseti yojambulidwa ku Nechells. A esiteti anadula waya, analambula njira pakati pa tiyi, anaika kageti kopanda loko.

Minda sinabwerere, musamve molakwa. Nkhani ya minda ikadali m'mafaelo, ndipo mwina idzatha ine ndili kwa Kamtedza. Koma chaka chotsatira mkulu wawo uja atamwalira, anaikidwa pafupi ndi mayi ake, woyamba chimangireni waya. Tinamva pa foni ya khadi, mawu akudukaduka. Anachisale analira, kenako anapukuta maso, nati, "Basi, tsopano ndikhoza kupita." Ndinati musafulumire mayi, tikiti yakwera mtengo.

Kutchalitchi anthu anatembenuka ngati chitumbuwa m'mafuta. Omwe ankazimitsa wailesi ya kanema anayamba kuwaitanira a Namaona ku mabatizo. Ine ndekha ndinatsala ndi funso langa.

A Namaona atagonekedwa m'chipatala ndinapita kukawaona masana ena. Ndinapeza dokotala wachinyamata ataima ndi fomu ya opaleshoni, akuyang'ana wotchi, iwo ali pa tsamba lachiwiri, chala chili pakamwa. Chisomo ankawanyengerera kuti, "Adadi, ingosainani, aliyense amasaina." Iwo anati n'chifukwa chake aliyense alibe munda. Dokotala atachoka ndinakokera mpando pafupi.

"Achimwene," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kuwatchula choncho, "pano palibe woweruza. Munachita dala kapena munalakwitsa?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndikati ndinalakwitsa, mudzauza anthu kuti ndinali chitsiru. Ndikati ndinachita dala, mudzati ndinali mfiti, yosiya amayi kunja kwa waya zaka zonse zija chifukwa cha mzere umodzi. Sankhani chimene chikugonetseni tulo."

"Palinso chachitatu. Mwina anakugulanidi, kenako chikumbumtima chinakudyani."

"Mwaona? Mukanapitiriza sukulu mukanakhala loya."

Anatseka maso. Ndinadikira, ndikuganiza kuti akusinkhasinkha yankho. Anali atagona. Sabata yotsatira anapita, ndipo yankho anapita nalo.

Ndaganiza za nkhaniyi chaka chonse. Masiku ena ndimati anali mnyamata wa suti amene mabuku anamutseka maso, ndipo moyo wake wonse wotsala ankalipira m'mawa umodzi uja, n'chifukwa chake ankafunsa za eni ake pakhomo lililonse. Masiku ena ndimakumbukira mmene ankalembera kukhoti kuja, modekha, ngati munthu amene akulandira chimene anaitanitsa. Ndikafunsa Anachisale amati, "Geti latsegulidwa kapena ayi?" Ndikati latsegulidwa, amati ndiye imwani tiyi wanu. Chikwama Chisomo anachitumiza kwa loya wachitsikana uja, ndi lamba wake yemwe. Ndinapempha kuti ndichione kaye komaliza, anandikaniza. Akuti adadi anasiya mawu oti ine ndisachikhudzenso.

Dzulo ndinapita ku kamunda kaja. A kansolo akuti akapereka kwa wina mwezi wamawa, pali mzere wa anthu odikira. Munthu amene anathera moyo wake pa nthaka ya anthu ena, yake inali ya lendi, ndipo sinadikire n'komwe kuti chaka chithe bwino. Mapesi a chimanga chija akadali chilili, ofika m'chiuno, akuda ndi mvula. Chingwe chinaduka mbali ziwiri. Chothirira chagona chammbali, mwalowa nkhono. Nkhwani wamera yekha kuchokera ku maungu amene anaolera pomwepo, wayanga mpaka kulowa m'kabichi wa mzungu uja, ndipo iye sanaudule, wangoupatukira polima.

Ndinaima pakona. Chikhomo cha kumbali ya njanji ndinachiona ngati chapendekera mwachilendo, ndipo dothi la pansi pake ngati laposachedwa. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinayamba kuyeza, chidendene kugunda chala, ndikuwerenga chapansipansi monga ndinkawamvera. Panaperewera phazi limodzi. Ndinabwereza. Limodzi ndithu.

Ndinatembenuka kuti ndiwauze kuti achimwene, munkanena zoona. Panali kreti yokha, yozondoka, madzi a mvula atadikha pamwamba pake.